Anapiye a M'galasi

Levison anabwera ndi mawu ake nthawi yothyola fodya, manja anga ali bii ndi utomoni wa masamba. Ndi mwana wanga wamwamuna ameneyu, amakhala ku Boma komwe amapalasa kabaza. Anakhala pachitsa pafupi ndi chigafa n'kunena mosazungulira kuti Yankho akalepheranso Sitandade 2, amutenga akalere khanda lawo. Anati mwana wongobwereza kalasi ali ngati mbuzi ya pachingwe, ayende tsiku lonse msipu ndi womwewo.

Yankho ndi mwana wa malemu Lusiya, mlongo wake wa Levison, ndiye malume akanena chinthu ndi mwini mbumba wanena. Ndinamuuza za magalimoto a pamsewu waukulu, za mbaula zimene zimapsereza ana, ndi za atsikana amene amapita kukalera ana a eni n'kubwerako ndi awoawo kumsana. Anangoseka.

"Amayi, inu mukanakhala ndi mphamvu mukanaletsa ndi mvula yomwe, poopa kuti itinyowetsa."

Koma atakwera njinga yake ndinadziuza kuti mwana wa Lusiya sachoka pakhomo pano ndili moyo.

Vuto la Yankho linali masamu. Kuwerenga mawu amawerenga, mpaka zolemba za pathumba la feteleza amandiuza. Chaka chimenecho pasukulu yathu kuno ku Lisasadzi panabwera matabuleti, timagalasi tolankhula timene ana amasewera nato kuti masamu alowe. Ine ndinali nditamuchenjeza kale: asakankhire zomvera za tabuletiyo mkati mwa makutu, asayang'anitsitse angachite khungu, ndipo chikamufunsa dzina la agogo ake asanene. Chinthu cholankhula ndi mwana m'khutu, wamkulu osamva, sichinandisangalatse. Koma ana a anzanga ankati chikuwathandiza, ndiye ndinasamba, n'kumanga chitenje chabwino, n'kupita kukaona ndekha chifukwa chake chikukana mdzukulu wanga.

Aphunzitsi ake, madamu Kalekeni, anandiyalira mkeka kumbuyo kwa ana. Ndinaona Yankho akukoka tizinthu tozungulira ndi ta makona n'kuika pamalo pake, chala chikuthamanga bwinobwino. Kenako pagalasi panatulukira thadzi ndi anapiye ake. Mwana uja anabweza manja n'kuwabisa m'khwapa, ndipo anakhala choncho mpaka nthawi inatha.

Madamu anati ndi mmene amachitira tsiku lililonse. Sewerolo silipitirira mwana asanayankhe, choncho anzake anafika kale pophatikiza ndi pochotsera, iye akadali pa anapiye. M'kalasi namonso akauzidwa kuti awerenge anzake a pamzere kapena mbuzi za m'buku, amangoti duu. Madamuwo anali atayamba kuganiza kuti mutu wa mwanayu ndi wolemera basi.

Ndinapempha kuti andiveke zomvera zija. Munali mawu a mzimayi, odekha ngati a namwino wabwino: "Werenga anapiye." Pamenepo ndinazindikira chimene chinkamumanga manja.

Kwathu sitiwerenga chamoyo. Ukawerenga anapiye kabawi amamva. Ukaloza maungu ndi chala amafota ali aang'ono. Ine kale mlendo wina anaima pabwalo panga n'kuwerenga ana anga mokweza ngati matumba, akuyamikira kuti ndabereka, ndipo chikuku chitadutsa chaka chomwecho chiwerengero chake chija sichinakwanenso. Zimenezi ndinamuphunzitsa Yankho asanadziwe n'komwe kumanga lamba wa diresi, ndipo ndi mwana womvera.

Ndinamufunsa Yankho chapansipansi chifukwa chake sawerenga. Anayankha maso ali pamkeka: "Agogo, akafa madamu adzati ndapha nkhuku za sukulu."

Madamu Kalekeni anayamba kuseka, koma atandiyang'ana anasiya. Anati ndi zithunzi chabe, zilibe mpweya. Ndinawauza kuti chithunzi si chinthu chochipeputsa, alipo anthu anadwala chifukwa wina anatenga chithunzi chawo n'kupita nacho kosayenera. Sindikanauza mwana kuti werenga ndisanatsimikize ndi maso anga.

"Ndipatseni kuno," ndinatero. "Ngati pali tsoka ligwere ine."

Chala changa galasi linachikana poyamba chifukwa cha utomoni ndi ming'alu. Ndinachipukuta pachitenje n'kuyesanso. Ndikakhudza kamwanapiye kankalumphira m'dengu, mayi uja n'kutchula nambala. Ndinawawerenga onse, ndipo pomaliza panatuluka nyenyezi ndi kabelu kolira. Ana onse anacheuka. Ndinaonetsetsa kamwanapiye kamodzi kokhala ndi banga pamapiko kuti ndidzakazindikire, n'kubweza chinthucho.

Kuyambira pamenepo ndinkapita m'mawa uliwonse kukaona ngati alipo. Fodya ankadikira kumunda, masamba a pansi akupsa, koma ndinkayamba kusukulu. A Fainala oyandikana nawo anandipeza panjira atasenza mtolo wa fodya.

"Kodi a Nankhoma, yunifolomu akusokerani liti? Phala la kusukulu mukumalandira nawo?"

Ndinawauza kuti ayang'ane pansi angaponde njoka, udzu wakula.

Anapiye aja sanafe. Ka banga kankabwera tsiku ndi tsiku, kosanenepa, kosaonda. Kunyumba nako ndinkayang'ana khola, poopa kuti tsoka lingalambalale galasi n'kudzagwera nkhuku zanga, koma ngakhale chitopa sichinadutse. Sabata itatha ndi ina kuyamba, ndinakhala pafupi ndi Yankho pamkeka n'kumuuza lamulo latsopano: za m'galasi ndi za m'buku awerenge, sizidya ndipo sizifa. Chothyoledwa kale, monga tsamba, chimanga kapena mwala, awerenge, sichingafe kawiri. Koma choyenda pabwalo ndi miyendo yake achisiye.

Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Kenako anatulutsa dzanja m'khwapa. Anaphonya, analumpha kamwanapiye kamodzi. Ndinadikira kuti chinthucho chimukalipire. Mayi uja anangoti ayesenso, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono. Anayesanso, nyenyezi inatuluka, ndipo thadzi lija linachoka pagalasi koyamba chiyambire chaka.

Komabe anzake anali patali, ndipo tabuleti mwana amaigwira kanthawi kochepa, ena akudikira pakhomo. Madamu anati akapeza mpata azimuwonjezera, koma kwinako tithandizane. Ndiye ndinasandutsa chigafa changa tabuleti.

Ndikamasoka fodya ndimaboola masamba awiriawiri n'kupachika pamikangala. Ndinamukhazika Yankho patali pang'ono ndi kamtengo m'manja, chifukwa fodya wamuwisi salola khungu la mwana, amachititsa chizungulire ndi kusanza. Iye ankaloza ndi kamtengoko n'kumawerenga: awiri, anayi, asanu ndi limodzi. Ndinapachika khasu lakutha pamtanda. Akakhoza ndinkalimenya ndi msomali kuti ngwee, ngati kabelu kaja. Akaphonya ndinkameza mawu onse amene amabwera pakamwa panga, n'kungoti yesanso. Kumeneko ndiye kunali kovuta. Pakamwa panga panazolowera kuti usatero, ungagwe, ungapse. Mayi wa m'galasi uja ndinamuchitira nsanje, kuti amatha bwanji kuona mwana akulakwa osamuopseza.

Nthawi zina ndinkaba dala. Ndinkabisa tsamba pansi pa mwendo n'kumufunsa kuti atsala angati. Poyamba ankakhulupirira ine kuposa mutu wake. Tsiku lina anaima n'kugwira m'chiuno.

"Agogo, nyamukani. Pali limodzi mwakhalira."

Ndinamenya khasu mpaka a Fainala anasuzumira kufunsa ngati kwagwa maliro.

Fodya atauma tinapitiriza posankha ndi pomanga mapindi. Madzulo dzuwa lisanalowe tinkasewera phada, koma aliyense asanaponye mwala m'mwamba ankayenera kunena kuti m'bwalo mutsala ingati akakokamo itatu. Mawondo anga ankadandaula. Kusukulu ndinkapitabe apo ndi apo, osati chifukwa cha anapiye, koma kuti ndione pamene wafika n'kudzakonza sewero lofanana nalo kunyumba. Tsiku lina Yankho anabwera akulira kuti zochotsera zobwereka zamukanika ndipo sapitanso kusukulu. Ndinamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi nditamugwira dzanja, n'kukhala panja mpaka anatuluka.

Tsiku lotsekera sukulu kunali mphepo ya Julaye. Levison anafika m'mawa, mpando wa kabaza ataupukuta, atatenga ndi kachikwama koti aikemo zovala za mwana. Tinakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi makolo ena. Madamu Kalekeni anayamba kuitana mayina a okhoza. Anatchula woyamba, wachiwiri, anapitirira, mayina akutha, ine ndikufinya nsonga ya chitenje. Dzina la Yankho linamveka chapakati, losatsogola, losatsalira. Anaimirira n'kupita kumbali ya opita Sitandade 3 osathamanga, ngati wakhala akudziwa.

Levison anakanda kumutu. Anati mawu ake anali akuti akalephera, ndipo sanalephere, ndiye za khanda akaona njira ina ndi mkazi wake. Kachikwama kaja anakasiya kuti mwana azinyamuliramo makope. Ndinamuuza kuti apalase m'mbali, malole a mabelo a fodya sachedwa kugunda munthu nyengo ino, ndipo asamwe madzi a pamsika. Anagwedeza dzanja osacheuka.

Titafika kunyumba thadzi langa lakuda linali litatulutsa anapiye pabwalo. Ndikuchotsa nsapato ndinaona Yankho wakhala pakhonde, maso ali pa iwo, milomo ikuyenda.

"Iwe Yankho, tinagwirizana chiyani?"

"Sindikuwerenga anapiye, agogo. Ndikuwerenga miyendo yokha, awiriawiri."

Za miyendo amayi anga sanandiuzepo kanthu. Ndinamuuza kuti nambala imene wapeza asaitchule mokweza, kenako ndinatenga ndodo yanga n'kukhala pakati pa bwalo, maso kumwamba, kudikira kabawi.