Chimanga Chachikasu Chafika Titakolola

Dolika anayamba kuyimba ngolo isanatuluke n'komwe m'Kasenengwa. Chimanga chinali tho, choyera ngati mano a mwana. Akachigulitsa ku Chipata akawombola Sitima, ng'ombe yake yolimira.

Anaigulitsa chaka chatha, pa chilala cha 1992, kwa a Mahomedi ogulitsa nyama ku Nabvutika. Nthawi imeneyo abwana a magalimoto oyera ankalonjeza kuti thandizo lili m'njira. Njira yakeyo kaya inadzera kumwezi! Ana anagona ndi njala mpaka Sitima anapita. A Mahomedi anainenepetsa, ndipo tsopano Idi, chikondwerero cha Asilamu, inali pafupi, mpeni wanoledwa kale.

Dolika atalowa m'tauni anamva nthungululu. Malole anali ndondondo, anthu akuthamanga ndi matumba pamutu. Thandizo lija linali litafika, chimanga chachikasu chaulere, anthu atakolola kale. Ndi mmene amachitira alendo amenewa, amabwera ndi ndiwo mbale zitatsukidwa.

Pamsika ogula anangomuseka.

"Amai, tigulirenji pomwe chaulere chili mbwee?"

Mnyamata wa palole anamuponyera thumba limodzi m'ngolo. Dolika anapsa mtima, misozi ili m'maso, koma sanabwerere. Anakhotetsa ng'ombe zobwereka zimene zinkakoka ngoloyo n'kulunjika ku Nabvutika.

Sitima atamva mawu ake analira m'khola.

"Ndalama ndilibe, bambo, ndabwera ndi chimanga," anatero Dolika.

A Mahomedi anapukusa mutu. "Pepani amai, chimanga chagwa mtengo. Ndichitenge ndikachitani?"

Pamenepo panatuluka amayi awo, a Hafsah. Anapisa dzanja m'thumba la chimanga cha Dolika, natafuna njere imodzi yoyera, maso ali tsinzi.

"Iwe Mahomedi, alendo anga a Idi adye zachikasu ngati nkhuku? Tsitsa matumbawa. Ng'ombe ina ukaipeza kwina."

Mwana sakula kwa amake. A Mahomedi anakanda ndevu, natsegula khola.

Dolika anavina pafumbi pomwepo, chitenje chikumasuka, mpaka a Hafsah anaseka n'kumuwombera m'manja. Chimanga chogulitsa chinapita chonse, ngolo inabwerera ndi thumba limodzi lokha lachikasu, koma iye anakondwa ngati wakwatiwa lero.

Panjira anamasula thumba la thandizo lija, lomwe ana ake analidikira chaka chathunthu. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analiika pansi.

"Idya, Sitima," anatero. "Likanafika pa nthawi yake, sukanachoka pakhomo."