Mbewu ya Roza

Chaka chimene a banki yaikulu ya kunja anayamba kufika ku Dzoole, Dominiko ndiye anali mwana wawo wokondedwa. Ndalama zawo zinalambula msewu, zinamanga shedi ya msika, zinatsitsanso mtengo wa feteleza. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Dominiko anametedwa woyamba. Anadzala chimanga cha haibulidi, phando lililonse njere imodzi, mzungu wa ku bankiyo n'kumujambula ataima m'munda, chimanga chitamupitirira mutu.

Kunena zoona, munthuyu sanali woipa. Ankafuna kuti m'mudzi njala ithe, koma pakamwa ndipo panali vuto. Mlongo wake wamkulu, Roza, amene munda wake unali wogundizana ndi wake, anakakamira chimanga cha makolo chimene mayi awo anasiya, chosakaniza ndi maungu ndi nyemba, mbewu yake n'kumaipachika kutsindwi kuti ifukidwe ndi utsi.

"Achemwali, uwu ndi munda kapena dzala?" anatero Dominiko pamaso pa mlangizi wa zaulimi, anthu n'kuseka. Kuchokera tsikulo moni wawo unali wa pamsewu basi.

Zaka zitapita ndithu, abanki aja anabweranso, koma nkhope zitasintha. Anauza boma kuti lichepetse kuwononga ndalama. Feteleza anakwera, shedi ya msika anaikhoma loko, ndipo mbewu yogula inayamba kupezeka ku Mponela kokha, pa mtengo woti mlimi angoyang'ana. Kudandaula mokweza masiku amenewo kunali kudziputira, choncho anthu ankangong'ung'udza m'minda. Mzungu uja anadutsanso, imvi zitamera, namugwira Dominiko dzanja nthawi yaitali.

"Pepani, bambo. Malamulo asintha," anatero m'Chichewa chake chopunduka. Maso ake anali achisoni ndithu, koma chisoni sadzala.

Mitambo itayamba kuda ku mapiri a Ntchisi, Dominiko anali atagalauza munda wonse, koma analibe njere yoika pansi. Chimanga chotsala m'nkhokwe anankafumbwe anali atachisandutsa ufa. Kunyumba ana asanu ankamuyang'ana. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogolera, ndipo mlomo wake unali utafika kale kwa Roza. Komabe kwathu mbewu sagula kwa m'bale, amachita kupempha, atakhala pansi.

Anapita, navula chipewa, nakhala padothi.

"Achemwali, ndabwera kudzala kuja."

Roza anamuyang'ana, mtima ukumuwawa, pakuti m'bale wakeyo anali ataonda. Analowa m'khitchini, natuluka ndi mtolo wa chimanga chakuda ndi mwaye. Dominiko anasenda chimodzi mwachangu kuti aone njere zolimba zija, zonyezimira, za mayi awo. Njere zina zinali zolimba, koma zambiri zinali zofewa, zolowa pamutu, ngati za haibulidi wake.

"Zatheka bwanji izi?"

"Mphepo, achimwene," anatero Roza. "Zaka zonsezi ngayaye zanu zimagwedezekera m'munda mwanga. Ife tinasiya kuyankhulana, koma chimanga chinkayenderana. Cha amayi chenicheni chinatha kalekale."

Dominiko anagwetsa misozi osabisa. Roza anamuthirira nthanga za maungu m'chipewa.

"Nyamukani mukadzale, mvula ija yafika pa Madisi. Chimene tatsala nacho tonse awiri n'chomwechi."