Botolo la a Soko

Madzulo aja banja lonse linali pakhonde, likusenda mtedza wa mbewu. A Alfonsi Soko okha ndiwo anangokhala. Phewa lawo lamanja linali litakana kuyambira nthawi yokolola thonje, moti ngakhale chipewa ankavala ndi dzanja lamanzere. Chowawa kwambiri chinali chakuti iwo ndiwo ankatsogolera ovina gule wa ngoma a ku Madzimoyo pa mwambo wa Ncwala, ndipo anzawo anali atayamba kunong'ona kuti munthu wolephera kukweza chibonga apatse ena malo.

"Alamu, kuchipatala ku Chipata anakubayani jekeseni?" anafunsa a Matiyasi, mlamu wawo.

"Sanawabaye," anayankha a Lusiya, akazi a a Soko. "Anawamanga lamba wopopa pamkono, ngati uja woyezera magazi, n'kuwapatsa botolo la madzi kuti azikweza pang'onopang'ono. Akuti magazi akamayenda mochepa, mnofu umalimba ngakhale katundu ali wopepuka."

"Botolo! Mngoni wathunthu!" A Matiyasi anaseka mpaka kutaya mtedza. "Chaka chino adani athawadi."

A Soko anangoti akukasamba. Koma kubafa madzi sanamveke. A Lusiya atakasuzumira, anapeza amuna awo atazinga mkono ndi mphira ya chubu, kukoka zolimba monga amamangira thumba la makala panjinga. M'malo mwa botolo, ankalimbana ndi musi. Dzanja linali litatuwa, zala zitachita dzanzi.

"Mayo ine! Mkonowu mwauyesa mtolo wa nkhuni?" Anathamangira mpeni n'kudula mphira ija. "Mtsikana wa kuchipatala uja anati chiyani? Lamba amakumangani iye yekha, kumeneko. Kunyumba botolo basi."

"Ndimati ndifulumizitse," anatero a Soko, akutikita zala. "Komanso botolo lija, Matiyasi akauza mudzi wonse."

"Awauze. Ku Ncwala ku Mtenguleni mukufuna mukavine, kapena mukalondere njinga za anzanu?"

A Soko anayang'ana musi, nayang'ana dzanja lomwe linkayamba kubwerera mtundu wake. Anaseka chapansipansi.

M'mawa mwake anakhala pampando pabwalo penipeni, pomwe aliyense wopita kumunda amadutsa. Chigongono chili m'nthiti monga anawaphunzitsira, ankakweza botolo ndi kulitsitsa, phazi likugunda pansi motsatira nyimbo ya ngoma.

A Fulansisi, mmodzi wa ovina aja, anaima ndi khasu paphewa. "A Soko, nanga madziwo mumwa liti?"

"Mu Febuluwale, Ncwala ikatha. Kauzeni anzanu kuti malo anga asagawe."

"Musathamange, bambo a Tiyanjane," anatero a Lusiya kwa amuna awo, akusesa. "Ndipo mukamaliza, nkhuku zikudikira madziwo."