Mbatata ya Pansonga ya Chitenje

Ntchafu ya Luciano inali itatupa ngati dzungu pamene makolo ake anafika naye pachipatala cha kuboma. Mwanayo, wa zaka zisanu, anali atatopa nako kulira. Ankangobuula, thupi lili moto.

Makolo akewo, a Gaspar ndi a Ines, anali othawa nkhondo. Kwawo kunali cha ku Mandimba ku Mozambique, koma tsopano ankakhala mumsasa kufupi ndi Chiponde. Ponyamuka kwawo anali ndi ana awiri. Pamalire anafika ndi mmodzi. Rute, wamng'onoyo, anamwalira ndi njala m'tchire ali kumsana kwa amayi ake, ndipo anamuika pansi pa mtengo umene a Ines sangauzindikirenso. Chichokereni tsiku limenelo, a Ines sankayenda opanda chakudya. Pansonga ya chitenje chawo pankakhala mfundo nthawi zonse, ndipo m'mfundomo munkakhala kambatata, kachinangwa kapena timtedza.

Dokotala atamupima mwanayo anapukusa mutu. "Muli mafinya ambiri mkatimu. Akalowa m'fupa, mwendo uwu udzafunika kudula. Mawa m'mawa apite ku fiyeta tikamuchite opaleshoni."

Anesi a kuwodi ya ana, a Matilda, anatenga magazi pachala cha Luciano, nkumuika diripu padzanja. Kenako anafotokoza malamulo a m'wodimo. "Gadiyani ndi mmodzi, ndiye inuyo mayi. Muzigona pambali pa bedi. Bambo muzibwera nthawi yoona odwala, ndipo malo ophikira ali kuseri uko. Madokotala amayendera odwala m'mawa, musamachoke nthawi imeneyo. Chinanso: madzulo ano adye bwinobwino, koma akagona, basi. Mawa asalawe kanthu, ngakhale madzi, mpaka atuluke ku fiyeta."

A Ines anavomera ndi mutu. Sanafunse chifukwa chake. Munthu wothawa kwawo amazolowera kungoyankha kuti inde.

Kutacha, wodi yonse inali fungo la phala. Ana anzake akudya, Luciano anatembenuka nkukoka bulauzi ya amayi ake.

"Mama, njala."

Mayo! Mawu omwewo, kamvekedwe komweko. Ndi mmene Rute ankanenera m'tchire muja, mpaka tsiku limene anasiya kunena. A Ines anayang'ana uku ndi uku, anamasula mfundo ija, nkufunditsa mwanayo chitenje. Mkati mwa chitenjemo anamunyemera mbatata yophika, ndipo mwana anadya mwaphuma.

Pabedi loyandikana panali a Abiti Bakali, mayi wogulitsa usipa wa ku Nkopola, amene ankadwazika mdzukulu wawo. Mayi ameneyu maso ake sankadutsidwa ndi kanthu, pakamwanso sankasunga mawu.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "mwanayu akutafuna chiyani? Si uyu akupita ku fiyeta lero?"

"Ndi kambatata chabe, kakang'onong'ono."

"Subhanallah! Kakang'ono komweko kakhoza kumupha. Mdzukulu wangayu anam'chita opaleshoni sabata yatha. Ine ndine wamafunso, ndinawapanikiza anesi mpaka anandiuza. Ku fiyeta amam'patsa mwana mankhwala ogonetsa. Ngati m'mimba muli chakudya, amatha kusanza ali m'tulo, masanziwo nkulowa m'chifuwa. Amabanika osadziwa kanthu. Kawauzeni anesi msanga."

A Ines anayankha monong'ona. "Ndikanena atithamangitsa. Ife ndife alendo m'dziko muno, amayi. Anena kuti anthu a ku Mozambique samva. Ndiye mwendo wa mwana wanga zitha bwanji?"

"Nanga mukapanda kunena, moyo wake zitha bwanji?"

Asanayankhe, kabedi ka matayala kanatulukira pakhomo, kwiii kwiii, a Matilda akukakankha. Anafika pabedi la Luciano nkuyamba kumunyamula. A Abiti Bakali anagwira dzanja la a Ines nkulifinya.

"Anesi." Anali a Ines. "Mwanayu wadya. Ndam'patsa ndine."

A Matilda anaima chilili. "Mayi inu! Dzulo lomweli sindinakuuzeni?"

A Ines anagwada pasimenti, misozi ili chuchuchu. "Munandiuza. Koma anati njala. Mlongo wake anafera kumsana kwanga akunena mawu omwewo, ine ndilibe ngakhale njere imodzi yomupatsa. Lero chakudya ndili nacho m'manja, ndimumane? Mtima wandikanika, anesi. Musatithamangitse."

A Matilda anamugoneka Luciano pabedi lake, nkuwadzutsa a Ines kuti akhale pampando.

"Palibe amene akuthamangitseni. Chipatala chino sichifunsa kuti mwana anabadwira tsidya liti la malire. Mwachita bwino kunena. Mukanabisa, mwina madzulo ano tikanakhala tikulira. Wadya chiyani? Nthawi yanji?"

A Ines anafotokoza zonse. A Matilda anapita kukauza dokotala, ndipo pobwera anati opaleshoni yasunthidwa, ichitika dzuwa likapendeka, m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Kenako analoza botolo la diripu.

"Mukuona madzi akudonthawa? Muli shuga ndi mchere. Akulowa m'thupi mwake. Njala aimva ndithu, ndipo alira, koma safa nayo. Kuno si kutchire kuja, mayi."

Tsiku limenelo linatalika zedi. Mwendo unkawawa, ndipo Luciano anayambanso kuitana. "Mama, njala. Mama." A Gaspar atabwera masana nkumva zimene zachitika, anafuna kukalipa, koma ataona nkhope ya mkazi wawo anangokhala pansi, nkugwira kumutu. A Ines anamasula mfundo ija, natenga chibenthu cha mbatata chimene chinatsala, nkuchipereka kwa a Abiti Bakali.

"Ndisungireni. Ndekha sindikudzikhulupirira."

Kabedi kaja katabweranso, a Ines anakaperekeza mpaka pakhomo la fiyeta, pamene makolo salowa. Chitseko chinatsekedwa. A Abiti Bakali anapita nawo kuseri kumene magadiyani amaphikira, pansi pa mtengo wa mango, ndipo kumeneko a Ines analira kwambiri. Sankalirira Luciano yekha. Rute anaikidwa mothawa, popanda nyimbo, popanda wokhuza, ndipo amayi ake anali asanapeze mpata womulira. Amayi amene ankaphika pamenepo anasiya mapoto awo pamoto nkudzakhala nawo pansi. Ena anali a ku Chowe, ena a ku Monkey Bay, ndipo palibe anafunsa zambiri.

Luciano anatuluka ku fiyeta ali m'tulo, mwendo utakulungidwa bandeji. A Ines anamugwedeza, koma sanayankhe, ndipo iwo anaitana anesi.

"Ndi mankhwala aja," anatero a Matilda. "Adzuka pang'onopang'ono, mwinanso achita nseru. Musaope. Mafinya tachotsa onse, ndipo fupa silinagwidwe. Mwendo wapulumuka."

Luciano atatsegula maso, anesi analola madzi a pasupuni. Kutacha analola phala lamadzimadzi. Masiku otsatira anali a jakisoni ndi kutsuka bala, ndipo a Ines anaphunzira kufunsa. Mankhwala awa ndi a chiyani? Balali lizitsukidwa kangati? Tikapita kunyumba, tibwerenso liti? A Abiti Bakali ankaseka. "Onani, wamafunso wina uyu! Mwandilanda ntchito, achemwali."

Tsiku lotuluka, a Abiti Bakali anabwera ndi mbatata ina yotentha kuchokera kophikira kuja. "Yanu ija inaola, ndinataya. Nayi ina."

A Ines anayang'ana kaye kwa anesi. A Matilda anamwetulira. "M'patseni yonse."

Luciano anadya ataima ndi miyendo yake iwiri, akutsamira bondo la bambo ake. A Ines anamuyang'anitsitsa mpaka anamaliza, kenako anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje ija, imene tsiku limenelo inalibe mfundo.

Makolo anzathu, mwana akagonekedwa m'chipatala mudzaona zinthu zodetsa nkhawa: diripu, kutenga magazi, jakisoni, ngakhale kuuzidwa kuti mwana asadye. Chilichonse chili ndi chifukwa chake. Ngati simunamvetse, funsani. Musam'patse mwana chakudya kapena mankhwala mobisa. Ndipo ngati mwalakwitsa, nenani msanga kwa anesi. A Ines ananena ngakhale anali ndi mantha, ndipo mwana wawo anabwerera kunyumba akuyenda yekha.