Njala ya Galu wa Aphunzitsi

M'mawa wa pa 2 Januwale 1984, Che Abudu anafika pakhomo pa aphunzitsi a Howard Kanyumbu ku Malindi atanyamula lichero lopanda kanthu. Che Abudu anali msodzi, ndipo thandala lawo loyanikapo usipa linali kuseri kwa nyumba za aphunzitsi.

"Odi, aphunzitsi! Dzulo lichero ili linali lodzaza. Galu wanu wadyera Chaka Chatsopano pa thandala langa."

Galuyo, dzina lake Tilipo, anali atagona patsinde pa mtengo wa mango. Nthiti zake zinali pamtunda, m'makutu muli nkhupakupa zokhazokha. Masana ankakhala pa unyolo waufupi, madzulo ankamumasula kuti alonde. Chakudya ankamupatsa chochepa mwadala.

"Pepani, Che Abudu," anatero a Howard. "Koma kwathu ku Ntcheu timati galu wokhuta amagona tulo. Wanjala ndiye amalonda."

"Ndiye wanuyu akulonda kwathu," anayankha Che Abudu. "Ine galu sindimukhudza, mukudziwa chipembedzo chathu, koma sindifuna kuti afe. Anzanga kugombe atopa naye. Ena ayamba kukamba zomuikira chiphe."

Mlendo atapita, akazi a aphunzitsiwo, a Benedicta, anaima pakhomo.

"Bambo a Ethel, dzulo lomweli tikuchokera kutchalitchi munalonjeza kuti chaka chino tisamala thanzi lathu. Munati muchepetsa mchere, muziyenda m'mawa monga anakuuzirani achipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, madzi akumwa tiziwiritsa. Nanga Tilipo si wapakhomo pano?"

"Galu salonjeza, mayi a Ethel."

"N'chifukwa chake ali ndi mbuyake."

A Howard ankamukonda galuyo, koma sankaona chimene ankalakwa.

Sabata yomweyo wapampando wa chipani m'deralo analengeza pamsika kuti Loweruka kudzakhala katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu. Pambuyo pake, galu aliyense wopezeka akuyendayenda, kapena wopanda chiphaso cha katemera, adzaomberedwa.

A Howard anapita ndi Tilipo monyinyirika. Pabwalopo anapeza a Willard, mlangizi wa ziweto, akubaya agalu.

"Alangizi, ndifunse kaye. Ndinamva kuti jekeseni ameneyu amachotsa ukali wa galu. Ndingadzakhale ndi nkhosa pakhomo m'malo mwa mlonda."

"Zimenezo ndimazimva mudzi uliwonse," anatero a Willard. "Katemera safooketsa galu. Amamuteteza ku chiwewe basi. Ndipo chiwewe chikayamba kuoneka pa munthu amene walumidwa, palibenso mankhwala. Galu woyenda usikuyu amakumana ndi ankhandwe. Tsiku lina adzabweretsa matendawo kwa mwana wanu, kapena kwa ana a sukulu."

Atamubaya, anakweza mlomo wa Tilipo.

"Taonani nkhama zake, zayera. Nkhupakupa ndi njoka zam'mimba zamumwa magazi. Mumamudyetsa chiyani?"

"Zotsala, zikakhalapo."

"Mukamumasula ali ndi njala, mukuganiza kuti ayamba ndi chiyani, kulonda kapena kufuna chakudya? Galu amalonda pamene amadyera. Muzimuphikira phala la madeya m'mawa ndi madzulo, ndi kandiwo pang'ono. Madzi asamasowe. Ndikupatsani mankhwala a njoka, ndipo tsiku la dibi muzibwera naye tidzamusambitse m'mankhwala ophera nkhupakupa. Unyolo wa tsiku lonsewu umamupengetsa. Ayenera kumayenda, koma pa chingwe, muli naye."

A Benedicta, amene anawaperekeza, anayankhira amuna awo. "Woyenda naye alipo, alangizi. Analonjeza zoyenda m'mawa, koma mpaka lero sanayambe."

Anthu amene anali pamzere anaseka. A Howard anapinda chiphaso n'kuchiika m'thumba la malaya.

M'mawa wotsatira analawira kutuluka ndi Tilipo pa chingwe, n'kulowera msewu wa ku Makanjira. Pobwerera anakumana ndi Che Abudu akuchokera kunyanja. Msodziyo anapatukira kumbali kuti galu asamukhudze.

"Aphunzitsi, mukukoka galu ndinu, kapena akukukokani ndi iye?"

"Tikukokana," anatero a Howard, ali wefuwefu.

A Howard atawafotokozera malangizo a mlangizi, Che Abudu anagwedeza mutu. "Pa thandala pamatsala zinyenyeswa za usipa ndi mitu ya nsomba, ndimangotaya. Mayi azibwera kudzatenga. Kuli bwino ndimupatse masana kusiyana n'kuti adzitengere usiku."

Kuyambira pamenepo a Benedicta ankathira zinyenyeswazo m'phala la galu. A Howard anamanga mpanda wa bango kuseri kwa nyumba kuti Tilipo azikhala womasuka koma osatuluka. Masiku ena mvula inkawalepheretsa kuyenda, masiku ena ulesi, koma galuyo akaona chingwe ankalira mpaka mbuyake adzuke. Nthiti zinabisika, ubweya unayamba kusalala. Kugombe nkhani ya chiphe inazirala.

Mu Febuluwale anthu oombera agalu anafika ndi mfuti. Tsiku limenelo agalu angapo oyendayenda anaphedwa kumsika ndi kugombe. Atafika panyumba ya aphunzitsi, Tilipo anawauwa ali mumpanda mpaka a Howard atatuluka ndi chiphaso. Mkulu wa gululo anachiwerenga n'kuwabwezera.

"Ameneyu ali ndi mwini wake," anatero, ndipo anapitirira.

Phunziro lake ndi ili: galu ndi mmodzi wa apakhomo. Pamene banja likupangana zosamala thanzi lake m'chaka chatsopano, limuwerengere nayenso. Abayidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse, adye mokwanira, achotsedwe nkhupakupa ndi njoka zam'mimba, ndipo aziyenda ndi mwini wake. Galu wosamalidwa amateteza banja lake ndipo sasautsa anansi.