Matayala Akumbuyo Sanazungulire

Matayala akutsogolo ankazungulira n'kumalavula matope, koma galimoto inali pomwepo, pakati pa dambo, mphuno ili pansi. Yunusu anapondanso moto. Injini inabangula mpaka mbalame kubalalika m'mabango, koma osasuntha ngakhale pang'ono.

"Mukungoikumbira dzenje, bambo a Fauziya," anatero mkazi wake Zaina, maso ali psuu ndi kulira. "Zimitsani kaye."

Bambo ake a Yunusu anali atamwalira m'mawa womwewo kumudzi, kuseri kwa Nsanama. Kwa Asilamu maliro sagona. Amalume ake, a Bilali, anali atanena pafoni kuti aika ikangotha swala, pemphero la masana, ndipo Yunusu, mwana wamwamuna yekhayo, ndiye anayenera kutsikira m'manda kukalandira thupi ndi kuligoneka. Ku Balaka ananyamuka nthawi ikadalipo. Pa Nsanama akabaza anamuchenjeza kuti njira yachidule yaipa ndi mvula, bola azungulire ya kumtunda. Iye anangotsitsa galasi.

"Iyi si galimoto yamasewera, achimwene. Imakoka ndi matayala onse anayi."

Mawu amenewa anali atamuzolowera pakamwa. Galimotoyo anabwera nayo kuchokera ku Joni, yofiira, mimba pansi, yothamanga ngati yaba chinthu. Balaka yense ankaizindikira ndi kulira kokha. Aliyense woima pakhonde la sitolo yake ankalandira phunziro laulere: zina zimakoka ndi kutsogolo, zina zimakankha ndi kumbuyo, koma iyi imagawa mphamvu ponseponse, tayala lina likaterereka linzake limagwira. Ndipo sankanama, poyamba paja.

Azibambo ena amene ankaoka mpunga chapafupi anasiya mbande nabwera kudzakankha. Anakankha mpaka matope kuwafika kumaso. Kenaka mmodzi anasuzumira pansi, n'kudzuka akupukusa mutu.

"Bwana, nanga akumbuyowa angokhala phee ngati alendo bwanji? Sakuthandiza anzawo iyayi."

Apo m'pamene Yunusu anakumbukira. Chaka chija mafuta anasowa, anthu n'kumagona pamzere, makaniko wake Blasius anamupatsa nzeru yoti achotse shafiti, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo, kuti galimoto izimwa pang'ono. Iye anavomera, akuti adzabwezeretsa zinthu zikakhala bwino. Pa tala sanaone kusiyana kulikonse. Mafuta anabwerera, miyezi inadutsa, nkhaniyo inachoka m'mutu, koma pakamwa panapitirizabe kunena za matayala anayi.

"Shafiti palibe," ananena motsitsa mawu. "Ili kunyumba."

Zaina anamuyang'ana. "Chitsulo chachitali chija? Chomwe ndimapingira chitseko cha khola la nkhuku?"

Mmodzi wa okankha aja anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mayiyo analeka.

Foni inalira. Anali a Bilali.

"Uli pati, mwanawe? Tawasambitsa kale, tawaveka sanda. A Shehe afika."

"Ndatitimira padambo, amalume. Chonde, mundidikire. Musawaike ine kulibe."

"Kuno kwada bii, ndipo manda ayamba kulowa madzi. Tidikira, koma madzi sindingawauze kuti adikire."

Yunusu anavula nsapato, napinda buluku, nasiya galimoto chitseko chili chotsegula. Anayamba kuthamanga, Zaina akubwera pambuyo. Koma zaka zokhala pampando m'sitolo zinali zitamulemeretsa thupi. Ankathamanga pang'ono, n'kuima atagwira mawondo, n'kuyambanso. Mvula inamupeza m'minda ya chimanga. Anagwa, nadzuka, nagwanso. Ankalira mokweza ngati mwana, osasamala amene akumuona, chifukwa panalibe woti amuloze chala koma iye mwini.

Atatulukira pamtunda anaona gulu la azibambo likuchokera kunkhalango ya manda, makasu pamapewa. Anayi anali atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, ndipo kayendedwe kawo kanasonyezeratu kuti n'chopepuka.

A Bilali anapatuka pagulupo akutsimphina, mkanjo wawo uli matope mpaka m'chiuno. Sanamukalipire. Bola akanamukalipira.

"Tinakudikira, Yunusu, mpaka madzi anafika mu akakolo."

"Anatsika ndani?"

"Ndinatsika ine, ndi mawondo angawa. Mlamu wanga sakanagonekedwa ndi mlendo."

Anamugwira dzanja namuperekeza kumanda. Mtumbira unali utaundidwa kale bwinobwino, mvula ikuusalaza. Aliyense wa m'mudzimo anali ataponyapo dothi lake, kupatula mwana wa malemu. Yunusu anagwada, natapa dothi pambali kuti naye aponyepo. Linali litasanduka phala. Anatambasula dzanja pamwamba pa mtumbira, nalikutumula, koma dothilo linangomatirira m'zala.