Chipewa cha Bambo pa Batani

"Kawiri."

"Kawiri, kapena ngati kawiri?"

"Iwe, ndati kawiri. Ukundipanikiza ngati wapolisi bwanji?"

Amayi anayankha ali chiimire pakhomo la ofesi, kansalu kopukutira fumbi kali m'manja. Mwana wawo wamkazi, amene aliyense pafamupo ankamutcha Injiniya chibwerereni ku yunivesite, anali patebulo, maso ali pa kabokosi kotuwa ka mabatani asanu. Kanyali ka batani la munda wakumunsi kankaphethira kofiira.

Kabokosiko anabweretsa ndi iye yemwe. Ukadina batani, uthenga umapita pa wailesi mpaka pa eriyo imene inakhomedwa pamwamba pa khoma la shedi, eriyoyo nkuuponya kumunsi kwa chitunda kumene kuli valavu ya madzi. Kudina kamodzi madzi amatseguka, kudinanso amatseka. Batani lake ndi limodzi lomwelo. Bambo ake ankauza aliyense kuti makinawo ndi a anthu aulesi, koma za mawondo anasiya kudandaula.

China chake chikatchinga eriyo, uthenga sutayika. Umadikira pakhoma pomwepo, wina pamwamba pa unzake, ndipo njira ikangotseguka valavu imawerengera zonse nkuchita zimene zatsalapo. Tsiku logula makinawo, Injiniya anati nzeru ndiye zimenezo.

M'mawa umenewu chotchinga chinali lole ya alamu ake, mwamuna wa mkulu wake, imene inaima kutsogolo kwa shedi itasenza mabokosi a matimati mpaka kumwamba. Ndipo Bambo anali m'dzenje la simenti la kumunsi, lakuya kuposa munthu, akuchotsa zinyalala pa sefa. Paipi yaikulu yochokera ku damu imalavulira m'dzenje momwemo.

Pakhomopo panali lamulo limodzi lokha limene aliyense ankalitsata: wolowa m'dzenje azisiya chipewa chake pa kabokosi, ndipo chipewa chikakhalapo, munthu asakhudze. Bambo anasiyadi chipewa. Tsopano chinali pachingwe panja, chikudontha madzi.

"Chimanunkha," anatero Amayi, ataona kumene mwana wawo akuyang'ana. "Munthu wamkulu kumayenda ndi chipewa chokhala ngati chatuluka m'khola. Ine ndimayesa wangochiiwala."

"Nanga batani mumadiniranji?"

"Mbande zikufota. Ndadina, sikanayake kobiriwira. Ndiye ndati mwina sikanamve."

"Ine ndadina kamodzi nditangofika, ndisanadziwe kuti Bambo atsikira. Kamodzi ndi kawiri, katatu. Katatu ndiye kuti madzi atseguka."

Amayi anagwira pachifuwa. "Mayo ine. Ndiye dina kachinayi, atseke!"

Chala cha Injiniya chinali kale m'njira pamene makiyi analira pakhomo. Alamu analowa akupukuta thukuta ndi malaya.

"A Injiniya, makina anuwa afatu. Ndabwera muja kudzatenga madzi akumwa, ndayesa kukudzutsirani, koma zii."

Chala chija chinaima m'malere.

"Alamu, mwadina?"

"Kungothandiza. Musathokoze."

"Kangati?"

"Kamodzi. Ayi, dikirani. Koyamba sikanalire kuti *pii*, ndiye ndabwereza. Kosalirako mumakawerengera?"

Zaka zonse za sukulu, funso limenelo Injiniya sanakumanepo nalo. Mwina batani silinafike pansi. Mwina linafika, koma alamu sanamve chifukwa cha nyimbo zimene zimakhala m'makutu mwawo kuyambira kukacha.

"Bambo ali m'dzenje," anatero pang'onopang'ono.

Alamu anasiya kuseka. "Apongozi? Ndi mawondo aja?"

"Ayimbire foni," anatero Amayi.

Injiniya anaimba. Foni inalira pashelefu, pambali pa botolo la mankhwala a mbozi. Onse atatu anaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

"Zimitsani chinthucho basi," anatero alamu. "Zulani chingwe."

"Uthenga suli muno, uli pakhoma la shedi. Ndipo kumeneko ndi kwa sola, sikuzima."

"Ndiye tikwere tikazule komweko. Makwerero ali kuti?"

"Nanga Bambo atsikira pa chiyani m'dzenjemo?" anatero Injiniya.

Panja nkhuku inalira ngati yamva nthabwala.

Injiniya anakokera mpando pafupi. Mutu wake ukapanikizika umafuna zinthu zikhale pamzere, ndipo chala chake chimagogoda chilichonse chimene chili pafupi. Kusukulu anzake ankamulanda cholembera pa chifukwa chomwecho.

"Tamverani. Pali njira ziwiri zokha. Kosalirako kakawerengedwa, ndiye kuti kasanu, madzi atseguka. Kakapanda kuwerengedwa, kanayi, atseka, Bambo atuluka osadziwa ndi kanthu komwe. Ndikadinanso, ndangotembenuza chovala: kumene kunali kunja kwalowa m'kati, koma sindikudziwabe kuti ndavala bwanji."

"Mwana iwe, bambo ako si masamu."

"Amayi, munadina kawiri ndithu? Popukuta fumbi muja, kansaluko sikanadutse pabatani?"

Amayi anayang'ana kansalu kawo ngati kawapereka. "Ine popukuta ndimatsindika. Ukudziwa iwe."

"Ndiye kawiri sikulinso kawiri."

"Pakufunika munthu akawatulutse basi," anatero alamu. "Zowerengazi muzichita pambuyo."

"Eya, wina apite. Koma dikirani kaye, ndione ngati makinawa amasunga chiwerengero penapake."

Anawerama nkuyamba kufufuza pa kagalasi kakang'ono ka kabokosiko. Kankangolemba mawu amodzi okha, oti uthenga ukudikira. Amayi anatuluka kutsatira alamu, ndipo mawu awo ankamveka chapatali: wapansi ndi kutali, njinga ilibe mpweya, fulumirani bambo inu. Injiniya anawamva monga mmene munthu amamvera mvula padenga. Anali atawafotokozera zonse, za kasanu ndi kanayi, za sola, za makwerero. Chimodzi chokha sananene, poyesa kuti n'chodziwikiratu: chimene chikugwira madziwo ndi lole.

Injini inalira.

Mpando unagwa chagada. Injiniya anadumpha pakhomo, nsapato imodzi nkutsalira m'kati.

"Alamu! Imani! Musasunthe!"

Alamu anatulutsa dzanja pawindo nkukweza chala chachikulu. Mawaya a nyimbo anali m'makutu. Lole inagwedezeka, mabokosi a matimati nkuyamba kutsetsereka kuchoka pakhoma la shedi, ndipo eriyo inaonekera yonse, ikunyezimira padzuwa.

Kumbuyo kwa Injiniya, mu ofesi, kabokosi kanati *pii*.

Anabwerera akuwefuka. Kanyali kanali kobiriwira. Kobiriwira kamangotanthauza kuti uthenga wafika; sikanena kuti ndi uti. Kumunsi kwa chitunda kunali phee, koma kumeneko nthawi zonse kumakhala phee ukakhala kuno. Fumbi la lole linali lisanafike ndi pakati pomwe pa njira.

"Kanayi kapena kasanu," ananong'ona. "Kapena kasanu ndi kamodzi, ngati kansalu..."

Amayi anali atalowa. Sankayang'ana kanyali. Ankayang'ana dzanja la mwana wawo, limene linali litabwerera lokha pa kabokosi, chala chili pamwamba pa batani.

"Muja umatiwerengera ife, chala chakocho chimagogoda pamenepo," anatero. "Iweyo wadina kangati?"